Minus imodzi yomwe ndidakali nayo mangawa

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo anapatsidwa y = ⅔x + 4 kuti aisandutse standard form (kalembedwe ka Ax + By = C), iye anapeza −2x + 3y = 12, aphunzitsi n'kumuthetha. Ndiye akufunsa kuti, “Kodi mwanayu walakwitsa pati?”

Mayi, mwanditosa pachilonda. Zomwezi zinandionekera ndili ndi zaka 15. Pepala linabwera ndi mtanda wofiira waukulu, cholembera chitachita kuboola pomwe aphunzitsi anatsindika. Madzulo ake ndinabwereza samuyo kanayi, yankho osasintha. Ndinajambula galafu ya yankho langa ndi ya yankho la mnzanga amene anakhoza, mizere iwiri ija n'kugonana ndendende, moti umaoneka mzere umodzi. M'mawa ndinapita nalo pepala lija kwa aphunzitsi, mtima uli phaphapha. Iwo sanayang'ane n'komwe galafuyo. Anangoti, “Nambala yoyamba siyamba ndi minus,” basi n'kutembenukira ku bolodi. Chaka chonse chimenecho sindinakwezenso mkono m'kalasi la masamu.

Mpaka lero ndimati anandilakwira. Zoti A akhale wopanda minus mu Ax + By = C ndi chizolowezi cha olemba mabuku, kuti mayankho a ana onse azifanana, wochonga asavutike. Chizolowezicho si choipa, koma si masamu. Ndipo mabukuwo sagwirizana okhaokha: ena amafuna ax + by + c = 0, zonse mbali imodzi, monganso ena amalemba y = mx + b pomwe anzawo amalemba y = mx + c. Mwana amene wafika pa −2x + 3y = 12 wamvetsa nkhani yonse. Kumumana malikisi onse ndi nkhanza, ndatero ine.

China chimene chimandinyansa ndi kaphunzitsidwe kakuti “nambala ikawoloka imasintha chizindikiro”. Ikuwoloka mtsinje wanji? Palibe chimawoloka. Equation ili ngati sikelo: chimene wachotsa kumanja uchotsenso kumanzere. Ngakhale dzina loti algebra linachokera pamenepa, ku mawu a Chiarabu akuti al-jabr, kutanthauza kubwezeretsa, omwe al-Khwarizmi anagwiritsa ntchito ku Baghdad cha m'ma 820. Ana oloweza za kuwolokazi ndi omwe amachulukitsa ndi 3 n'kuiwala 4 uja, n'kulemba 3y = 2x + 4. Uko ndiye kulakwa kwenikweni, chifukwa mzere wasintha.

Nanga standard form n'njachiyani?

Kale ndinkaiona ngati yongovutitsa ana, koma ili ndi ntchito. Mzere woima chilili, monga x = 3, sungalembedwe ngati y = mx + b chifukwa ulibe slope (kupendekeka kwa mzere, m uja) yowerengeka, pomwe mu standard form umalowa bwinobwino, B amangokhala 0. Imaonetsanso msanga pomwe mzere ukudula ma axis (mizere ya x ndi y pa galafu): mu 2x − 3y = −12, ikani 0 pa x mupeza y = 4, ikani 0 pa y mupeza x = −6. Madontho awiri, rula, galafu yatha. Ana akadzafika pa ma simultaneous equation (ma equation awiri ofunika kuwapezera yankho limodzi) adzaiyamika.

Tsono za mwana wanu zija. Achulukitse chilichonse ndi 3 kuti fulakishoni ichoke: 3y = 2x + 12. Achotse 2x mbali zonse: −2x + 3y = 12. Apa m'pomwe anaimira. Chatsala n'kuchulukitsa zonse ndi −1, osaiwala 12 uja: 2x − 3y = −12. Nambala zitatuzo zikakhala kuti zonse zikugawika ndi nambala imodzi, azigawe. Kuti atsimikize, aike x = 3 mu equation yoyamba, apeza y = 6; akaika ziwirizo mu 2x − 3y apeza 6 − 18, yomwe ndi −12.

Pepalalo mupite nalo kwa aphunzitsiwo mukawafunse mwaulemu ngati njira yonseyo siyenera ngakhale malikisi awiri.