Felemu ya aero idikire, yambani ndi handulo

Achimwene, mwafunsa zogula felemu ya njinga ya aero, ija yopangidwa kuti iziboola mphepo mosavuta, ndi zopapatiza handulo. Ndalama za felemuyo zisungeni kaye. Ndipo kuchoka pa handulo yotambalala 42 cm kulumphira pa 36 cm tsiku limodzi, ayi, musatero. Ogulitsawa amandikwiyitsa, amakuonetsani felemu yosalala nkumati muziuluka, osakuuzani kuti chotchinga mphepo chachikulu ndinu amene. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphepo yokubwezani m'mbuyo amagwera pathupi: chifuwa, mapewa, mutu, miyendo. Felemu, matayala ndi zingwe zimagawana kotsalako. Komanso mphepo imaluma mukamathamanga, liwiro likawirikiza kawiri mphamvu yoboolera mphepo imawirikiza ka 8. Ngati mumayenda 25 km pa ola, felemuyo simudzaimva nkomwe. Nkhani imayambira cha m'ma 35 kupita m'tsogolo.

Handulo yopapatiza imathandiza chifukwa imalowetsa manja ndi zigongono mkati, chifuwa chimasiya kukola mphepo ngati thanga la bwato. Koma yezani kaye. Wina akuyezeni ndi tepi kuchokera pa kafupa kosongoka ka phewa kufika pa kanzake, ndiye muzitsika ndi 2 cm basi: 42 kupita 40, mukwere milungu itatu, kenako 38. Mufunsenso mmene anaiyezera. Makampani ambiri amayeza pakati mpaka pakati, a kampani ya Deda amayeza kunja mpaka kunja, ndiye 42 yawo ili ngati 40 ya enawo. Pomangira pagwirizane ndi sitemu yanu (kachitsulo kolumikiza handulo ku foloko), zambiri pano ndi 31.8 mm. Mukapapatiza mumamva ngati handulo yayandikira, nchifukwa chake ena amatalikitsa sitemu ndi 10 mm. Mabawuti amangidwe ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), 5 Nm kapena nambala yolembedwa pa sitemupo, osati amakaniko aja omanga ndi mphamvu zonse mpaka handulo ya carbon kulira tswa, kenako nkumati inali yothetheka kale.

Choopsa chili pamtsetse. Mukutsikira ku Golomoti pa 60 km pa ola, handulo 36, malimu akuya a 60 mm, mwera ukuwomba chammbali, lole nkukudutsani. Lole ili pambali mphepo imadukiza, ikangodutsa imabwera yonse nkumenya tayala lakutsogolo. Handulo yaifupi ilibe mphamvu yobwezera, mumaifumbata ndi mantha, mikono gwa, njinga nkuyamba kupukusa mutu kumanja kumanzere mothamanga moti dzenje lili patsogolo simuliona. Pamenepo musafinye buleki yakutsogolo! Panani paipi yapamwamba ya felemu ndi mawondo, masulani zala, dzukani pang'ono pachishalo, liwiro litsike pang'onopang'ono.

Msampha wa felemu ndi uwu. Zambiri za aero masiku ano zimabwera ndi handulo ndi sitemu zoumbidwa pamodzi, mapaipi a mafuta a mabuleki odutsa mkati mwa headset (pakhosi pa njinga, pamene foloko imazungulira). Wogulitsa safunsa za mapewa anu, amangokupatsani 42 imene yabwera m'katoni. Kuti musinthe mugule chonsecho, musolole mapaipi, muthirenso mafuta nkuchotsa mpweya m'mabuleki. Kutsogolo kwake kumakhalanso kotsika. Msana ukakana mumaunjika ma spacer (timphete tokwezera handulo) okwana 4 cm pansi pa sitemu, mwakhala tsonga, ndalama zija zapita ndi mphepo yomweyo. Onani stack ndi reach (miyeso ya kukwera kwa kutsogolo kwa felemu ndi kutalika kwake kupita kutsogolo) musanayang'ane penti, ndipo ilowe tayala la 28 kapena 30 mm, misewu yathu mukuidziwa. Mahandulo a carbon otchipa opanda dzina a pa intaneti aja asiyeni, amathyokera pomangira pomwepo.

Ngati mukufuna mipikisano ya pamsewu ya malamulo a UCI, bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, kuyambira pa 1 Januwale 2026 handulo isachepere 400 mm kunja mpaka kunja, ndipo kupendeketsera zogwirira mabuleki mkati anakuikira malire a madigiri 10 mu 2024. Ndiye 36 yanuyo akubwezani nayo poyambira, pokhapokha ikhale ija yotambasuka kumunsi mpaka kufika 400.

Komatu mukaipeza felemu ya aero yokukwanani pamtengo wabwino, itengeni, pamsewu wopanda zitunda wa kunyanja imathamangadi. Ndipo 42 muli nayoyo, yesani kaye kugwira pa ma hoods (mitu ya labala ya zogwirira mabuleki), kupinda zigongono mpaka mikono igone molingana ndi msewu, ndi kuvala jezi yothina m'malo mwa tisheti yokupiza ija. Muyeze nthawi pa 10 km yomweyo kawiri, tsiku lopanda mwera, mutiuze.