Azakhali, za katuni ija msuweni akuonera usiku

Azakhali mwaswera bwanji, funso lanu lija mwaponya mu gulumu ndaliona, ndati ndingojambula mawu chifukwa zoti ndilembe zonsezi chala chingatope. Mwafunsa kuti katuni imene msuweni akumaonera usiku pa laptop, ya kamtsikana kovala zogonera zangati chimbalangondo kali m'chipinda chodzadza mawaya, ndi yabwinobwino kapena ndi zausatana, poti mwati munasuzumira n'kuona mwana wasukulu akudzigwetsa kuchokera pamwamba pa nyumba. Mungoleza mtima, uthengawu utalika pang'ono.

Imeneyo dzina lake ndi Serial Experiments Lain. Ndi ya ku Japan, inaulutsidwa pa TV Tokyo mu 1998 kuyambira Julaye mpaka Seputembala, zigawo 13 zokha, chilichonse mphindi zopitirira 20 pang'ono. Ndipo konko amaionetsa pakati pa usiku anthu ambiri atagona, nde apo pokha mudziwiretu kuti sanaipangire ana. Kwathu kuno tikangoona zojambulajambula timati ndi za ana, koma ku Japan makatuni awo, amene amati anime, ilipo ya ana, ilipo ya akuluakulu, ndipo iyi ndi ya akuluakulu ndithu. Analemba nkhaniyo ndi Chiaki Konaka, anaitsogolera ndi Ryutaro Nakamura amene anamwalira mu 2013, ndipo nkhope za anthuwo anajambula ndi Yoshitoshi ABe.

Nkhani yake ili chonchi. Pali kamtsikana ka zaka 14, Lain Iwakura, kamanyazi, kosayankhulayankhula, kusukulu kamangokhala duu. Mnzawo wa pasukulu dzina lake Chisa, ameneyo ndi amene munamuona inuyo, wadzipha koyambirira kwenikweni. Patapita masiku ana a m'kalasi ayamba kulandira maimelo ochokera kwa Chisa yemwe uja, womwalirayo, akuti ine sindinafe ayi ndangosiya thupi, ndili kuno ku Wired. Wired ndi dzina limene iwo akuitchula intaneti yawo mu nkhanimo. Lain amene kompyuta analibe nayo ntchito ayamba kufuna kudziwa, bambo ake amene ndi okonda makompyuta amugulira yatsopano, kenako iye awonjezera china, awonjezera china, mpaka chipinda chonse mawaya okhaokha, mapaipi oziziritsira makina, pansi madzi ali thapwithapwi. Nde vuto liyambira apa, anthu ayamba kumuuza kuti iwe tinakuona ku kilabu usiku, tinakuona pa Wired ukuyankhula mwathamo, chonsecho iye sanapiteko. Apezeka kuti pali ma Lain angapo, wamanyazi wa kunyumba uja, wina wolimba mtima wa pa Wired, ndi wina wachipongwe amene amaseka anthu n'kumaulula zinsinsi zawo. Wachipongweyo aulula chinsinsi cha Alice, mnzake yekhayo amene amamukonda Lain moona, sukulu yonse idziwa, ndipo Lain akulephera ngakhale kulumbira kuti si ine chifukwa nayenso sakudziwa kuti iye weniweni ndi uti.

Za usatana zija, ayi Azakhali, mulibe zopembedza mdyerekezi, mulibe zamatsenga zoti mwana angatengere. Koma za mulungu zilimo ndipo ndikuuzeni bwinobwino kuti musadzadzidzimuke. Muli bambo wina, Masami Eiri, anali injiniya pa kampani yotchedwa Tachibana, iyeyu analowetsa maganizo ake onse mu dongosolo loyendetsera intaneti limene mu nkhanimo akulitcha Protocol 7, thupi lake linafa pa njanji, kenako ali mkatimo ayamba kudzitcha mulungu wa Wired. Ali ndi omutsatira ake, gulu la akatswiri obera makompyuta lotchedwa Knights. Chiphunzitso chake n'chakuti thupi n'lopanda ntchito, aliyense alisiye tikakhale amodzi mu Wired. Koma katuniyo simuikira kumbuyo ayi. Kumapeto Lain amufunsa mafunso amene amusowetsa chonena, zoti mphamvuzo anakupatsa ndani, ndipo bamboyo apsa mtima ayesa kudzipangira thupi, lituluka chinthu chonyansa zedi. Munthu amene amanyoza thupi uja mapeto ake akulifunanso. Ndipo chimene chimubweza Lain si nzeru zakuya ayi, ndi Alice amene alowa m'chipinda chamdima chija ali ndi mantha, atenga dzanja la Lain n'kuliika pamtima pake kuti amve mmene ukugundira. Msuweni ngati ukumvera nawo uthengawu usanamalize kuonera, pepa, ndaulula, dumpha apa.

Zimene mungadandaule nazo zenizeni ndi izi: kudzipha kulimo ndipo si kamodzi, mu gawo lachiwiri mnyamata wina amene wamwa mankhwala ozunguza otchedwa Accela awombera anthu mu kilabu kenako adziwombera yekha, muli mkulu wake wa Lain, Mika, amene mutu umusokonekera mpaka angokhala ngati chidole, ndipo chinsinsi cha Alice chija chikukhudza mphunzitsi wake. Kwa mwana wa pulayimale ndikanati ayi osaonera. Kwa msuweni amene ali Fomu 3 ine ndikuona kuti angathe, bola pakhale wina wocheza naye za zimenezi.

Tsono mwafunsanso kuti kodi anthu amaikonda chani poti inu munangoona mawaya ndi anthu osayankhula. Apa nde pali nkhani, chifukwa oonera sagwirizana mpaka lero.

Alipo amene amati imeneyi inalosera. Amati taganizani, 1998, chaka chimene Google imayamba kumene, Facebook kulibe mpaka 2004, WhatsApp tikugwiritsayi ndi ya 2009, koma anthu awa anajambula kale mwana amene kunyumba ali chete, pa intaneti ndi chilombo, mphekesera ikuyenda usiku umodzi n'kuwononga mbiri ya munthu, anthu akukhulupirira chinthu chifukwa choti aliyense akuchinena. Amenewa mukawatsutsa amakuonani ngati simunapite ku sukulu.

Alipo ena amene amati aaa zabodza izo, ndi katuni yotopetsa yodzionetsa nzeru. Ndipo Azakhali musawaseke, mfundo ali nazo. Imayenda pang'onopang'ono mochititsa tulo, munthu amatha kuyang'ana khoma kwa nthawi osanena kanthu, akuonetsani mawaya a magetsi akungolira huuu ngati thiransifoma ya pa msika, akuonetsaninso mawaya omwewo, mithunzi ili ndi timadontho tofiira tosadziwika tanthauzo lake. Gawo la 11 theka lonse ndi kubwereza zithunzi za m'mbuyo gitala ikulira. Gawo la 9 nde limasanduka ngati pulogalamu ya mbiri yakale, akukuuzani za Vannevar Bush amene mu 1945 analemba za makina osungira chidziwitso otchedwa memex, za Ted Nelson ndi Xanadu yake, njira yolumikizira zolemba pa kompyuta, zimenezo ndi zoona, koma pomwepo asakaniza ndi nkhani za Roswell za zolengedwa za kumwamba ngati kuti zonse ndi mbiri imodzi. Ngakhale zija amati Schumann resonance, mafunde achilengedwe a dziko lapansi a pafupifupi 8 Hz, alipodi asayansi amawayeza, koma zoti angalumikize maubongo a anthu onse popanda foni kapena waya ndi zopeka za mu nkhanimo basi. Nde munthu amene sadziwa kusiyanitsa atha kutuluka akukhulupirira zonse, ndipo ameneyo ndi amene ine amandidetsa nkhawa kuposa amene wagona pakati.

Kenako pali achinyamata a masiku ano, ndipo ndikukayika ngati msuweni sanalowere khomo limeneli. Nyimbo yotsegulira katuniyi, Duvet, anaimba ndi gulu la ku Britain lotchedwa Bôa, inadzatchukanso pa TikTok patapita zaka zoposa 20, ana n'kuyamba kufunsa kuti kamtsikana kali pa vidiyoka ndi ndani. Ambiri amangoika nkhope ya Lain pa profile, ena sanamalize n'komwe zigawo 13 zija, amangokonda maonekedwe ake, kusungulumwa kuja, chipinda cha mdima makompyuta akuwala. Akale amene anaionera pa DVD amakwiya nawo amenewa, amati mukuisandutsa fashoni. Ine sindiona chokwiyira, aliyense ali ndi polowera pake.

Ndiye pali mkangano wina wa amene anaionera mpaka kumapeto, woti kodi Lain ndi munthu kapena ndi pulogalamu ya kompyuta imene inapatsidwa thupi. Eiri amamuuza kuti ndinakupanga ndine, ndipo zimaonekadi kuti banja lake lija si lenileni, makolo aja anangopatsidwa ntchito yoti akhale ngati makolo. Ena amati basi yankho ndi limenelo. Ena amati ayi Eiri ndi wabodza, Lain analipo kale iye asanabwere. Enanso amati zonsezi zikuchitika m'mutu mwa mwana wodwala maganizo. Opangawo sanafune kutseka nkhaniyo ndi yankho limodzi. Chondiseketsa ine n'chakuti producer wake, Yasuyuki Ueda, ankayembekezera kuti anthu a ku America aimva mosiyana ndi a ku Japan pakhale kukangana kwa zikhalidwe, kenako anakhumudwa atapeza kuti akuimva chimodzimodzi. Mkangano unabwera, koma osati pamene iye amaufuna.

Maganizo anga? Za kulosera zija ine ndimati amawonjeza. Mu 1998 intaneti inalipo kale ku Japan, anthu amacheza kale ndi maina abodza, olembawo amangoyang'anitsitsa zimene zinali pamaso pawo n'kuzikoka patali. Ndipo pa makina sanalondole zonse, iwo amaonetsa kwambiri chipinda chodzadza zitsulo pamene ife zonse zinalowa mu kafoni ka m'thumba. Chimene anagwira ndi cha munthu. Tayang'anani mu gulu lathu lomweli, tonse muno ndife aulemu, mwadzuka bwanji, Mulungu akudalitseni, timavesi m'mawa. Koma ena a ife mukatipeza mu ma comment a pa Facebook nkhani ya mpira kapena ya ndale ikavuta, simungatizindikire, ndipo sinditchula maina pano. Weniweni ndi uti, wa mu gulu la banja kapena wa mu ma comment? Lain amafunsa funso limenelo kwa zigawo 13 osakupatsa mpata wothawa. Ndipo pamene pamandikhudza kwambiri ndi kumapeto, pamene iye aona kuti kupezeka kwake kwamupweteka Alice, nde asankha kudzifufuta m'maganizo mwa aliyense, dziko libwerera mwakale, Chisa ali moyo, koma palibe amene akumukumbukira Lain. Ena amati ndi chikondi chachikulu, ena amati ndi mathero oipa chifukwa akuphunzitsa mwana wosungulumwa kuti anthu angakhale bwino iye kulibe. Apa ine ndili pakati, ndipo ndi gawo limene ndingafune kumva kuti msuweni analimva bwanji.

Nde Azakhali laptop musamulande chifukwa cha katuniyi, mukatero azikaonera pa foni ya mnzake inu osadziwa, ndipo sadzakuuzaninso kanthu. Mungomufunsa mwa macheza kuti kodi kamtsikanako vuto lake ndi chani, mumve mmene afotokozere. Akayamba kukuuzani za Protocol 7 ndi ma Knights mpaka inu mutu kuwawa, dziwani kuti ali bwinobwino, wangotengeka ndi nkhani. Koma mukaona kuti wasiya kudya ndi anthu, sakufuna anzake, akumanena zoti palibe amene angamusowe, imeneyo ndi nkhani ina yosadalira katuni, musaizengereze, mundiuze ndipo tipeze wa uphungu kapena ku chipatala. Za kugona mochedwa zokhazo nde mukhwimitse ndithu, mayeso ali pafupi, katuniyo yadikira kuyambira 1998 singathawe.

Ndimuimbira ndekha madzulo ano ndimve kuti wafika gawo liti. Mupereke moni kwa ankolo, muwauze kuti za feteleza zija ndiwayankha padera, osati mu gulu muno.