Phazi limodzi kapena awiri? Za kuwakha pamzere mu mpira wa ku America

Achimwene, mwafunsa kuti zikutheka bwanji Loweruka pamasewero a makoleji munthu kuwakha mpira phazi limodzi lokha lili mkati oyimbira n'kuvomera, koma Lamlungu mu NFL, ligi yaikulu ya akatswiri ku America, wina kuchita zomwezo n'kumukanira. Palibe amene anaberedwa. Malamulo ake ndi osiyana. M'makoleji, m'masekondale a ku America ngakhalenso mu ligi ya CFL ku Canada, phazi limodzi ndi lokwanira. NFL imafuna mapazi onse awiri.

Poyamba iwalani kaye zimene tinazolowera mu mpira wa miyendo. Kumeneko mzere ndi mbali ya bwalo, ndipo chimene amayang'ana ndi mpira: wosewera atha kuthamangira kunja, bola mpira usanatuluke wonse. Mu mpira wa ku America n'zosemphana. Mzere woyerawo ndi kunja kale, ndipo amayang'ana thupi la wosewera. Mpira utha kukhala m'malere kunja kwa bwalo, munthu n'kuusomphola atatambasula manja, zonse zili bwino malinga mapazi ali pa udzu wobiriwira. Koma nsonga ya nsapato ikangokhudza poyera, ngakhale pang'ono chabe, basi watuluka. Mu September 2024 Isaiah Likely wa Baltimore Ravens anawakha mpira kumapeto kwa end zone (chigawo chogoletsera cha kumathero kwa bwalo) nthawi itatha, anthu n'kuyamba kusangalala, koma kanema anaonetsa chala cha phazi chitaponda mzere. Touchdown, chomwe ndi chigoli cha masewerowa, inafufutidwa, Kansas City Chiefs inapambana 27-20.

Tsono apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mapazi sawerengedwa mpira usanakhazikike m'manja. Ndondomeko ya NFL ili ndi zinthu zitatu ndipo zimatsatana. Choyamba, agwire mpira zolimba ndi manja kapena mikono usanagunde pansi. Kenako mapazi awiri aponde mkati. Pomaliza achite china chosonyeza kuti mpirawo ndi wakedi, monga kuponda kachitatu, kuufungatira, kuutambasulira kutsogolo, kapena kungokhala nawo nthawi yokwanira kuchita zimenezi. Ndiye ngati phazi loyamba laponda mpira ukuvinavinabe pazala, phazi limenelo silinawerengedwe. Akaugwira bwino amayambira pomwepo kuwerenga, ndipo pamzere malo a mapazi ena awiri nthawi zambiri amakhala atatha. N'chifukwa chake mumaona kanema wobwereza akuonetsa bwinobwino mapazi awiri mkati koma oyimbira n'kukanabe. Inu maso anali pansi, iwo anayambira kumanja. Mukaona woyimbira akukweza ndi kutsitsa zikhatho mosinthanitsa, akunena zomwezo, kuti mpira sunakhazikike. Akakupizira manja onse awiri chakunja kwa bwalo, ndiye kuti nkhani ndi ya mapazi.

Mapazi awiri ndi lamanja ndi lamanzere. Kudumphira phazi limodzimodzi kawiri sikuthandiza. Koma chiwalo china chilichonse kupatula dzanja chimalowa m'malo mwa mapazi onse awiri: bondo limodzi, chigongono, phewa, ngakhale thako, chikagunda mkati mpira uli m'manja ndiye zatheka. Chikhatho chokha ndicho sichiwerengedwa.

Nkhani ya chala ndi chidendene ndi imene imayambanitsa anthu kwambiri. Woyimbira amaona ngati kupondako kunali kumodzi. Munthu akubwerera chambuyo, zala zaponda mkati, chidendene n'kutsikira pamzere pa kuponda komweko, phazi lonselo lili kunja. Chimodzimodzi akayamba ndi chidendene mkati zala n'kugwera poyera. Koma akagunda ndi nsonga za zala n'kuzikhwekhwereza mpaka kutuluka, chidendene chili m'mwamba, phazi limenelo lili mkati. N'chifukwa chake akatswiri akamayandikira mzere amaumitsa miyendo, n'kugwa ngati mtengo wodulidwa, zala zikukanda pansi. Pabwalo la udzu wapulasitiki mumaona timibulu takuda ta labala tikuthovoka kumbuyo kwa nsapato, ndipo oyimbira oona kanema amadalira timeneti monga umboni. Onani mmene Santonio Holmes wa Pittsburgh Steelers anachitira pa Super Bowl (fainolo ya NFL) ya mu February 2009, kutatsala masekondi 35: thupi lonse lapendekera kunja pakona ya end zone, manja m'mwamba, zala zokha zili pansi. Anagonjetsa Arizona Cardinals 27-23 ndi mpira umenewo.

Kugwa kuja kuli ndi msampha wake. Wagwira, mapazi awiri alowa, koma chachitatu chija sanachite chifukwa akugwa kale. Pamenepo ayenera kuusunga mpira mpaka atafika pansi, ngakhale akugwera kunja kwa bwalo. Ukapulumuka n'kugunda pansi, kapena akaugwiranso ali kale kunja, palibe chimene wawakha. Kugwedezeka pang'ono mpira uli m'manja si mlandu, kutayika ndiye mlandu. Lamuloli analilembanso mu 2018 pambuyo pa mikangano ya mipira ya Dez Bryant mu January 2015 ndi Jesse James mu December 2017, imene anthu ambiri anaiona kuti inawakhidwa koma oyimbira anaikana. Kusinthako kunathandiza kwambiri amene atha kuponda kachitatu kapena kutambasula mpira. Wa pamzere amene akugwa mapazi atangolowa sanapepukidwe kwenikweni.

Nanga wotchinga wa timu inayo akamukankha ali m'malere? Kale woyimbira wa NFL ankaloledwa kuganiza kuti akanapanda kukankhidwa akanatera mkati, n'kumupatsa. Zimenezo anazichotsa mu 2008, ndipo anachita bwino, chifukwa kuweruza zimene zikanachitika kunalibe poyezera. Lero kumukankhira kunja mpira utafika kale m'manja ndi kutchinga kovomerezeka. Chotsala n'chakuti wotchinga akamunyamula osamulola kutera, n'kupita naye kunja, mpirawo amauwerenga kuti wawakhidwa.

Palinso lamulo lina la NFL limene limapweteka othamanga m'mbali mwa mzere. Ukaponda kunja mpira usanaponyedwe kwa iwe, sungabwerere n'kukhala woyamba kuukhudza, pokhapokha ngati wotchinga anakutulutsa mochita kuphwanya lamulo, ndipo apo uyenera kubwerera msanga n'kuponda mkati kaye. Mukaona woyimbira waponya chipewa chake pansi pafupi ndi mzere, si mkwiyo ayi, akuika chizindikiro kuti wosewera uja anatuluka.

Mu NFL oyimbira m'bwalo amakhala 7, ndipo mbali iliyonse ya mzere kumakhala awiri, wina pamene mpira wayambira, wina chakutsogolo. Amagawana ntchito, wina mapazi wina mpira, n'kuyang'anana asanapereke chigamulo. Mphunzitsi akakayika amaponya kansalu kofiira kuti akaone kanema, ndipo akalephera amataya timeout imodzi, womwe ndi mwayi woimitsa wotchi. Bill Belichick, amene anali mphunzitsi wa New England Patriots, anayesa pa Super Bowl ya mu February 2012, Mario Manningham wa New York Giants atawakha mpira wa mayadi 38 pamzere pakati pa otchinga awiri, koma kanema anaonetsa mapazi onse ali mkati. M'mphindi ziwiri zomaliza za hafu iliyonse kansaluko sikagwira ntchito, oona kanema amaimitsa okha masewero, ndipo touchdown iliyonse amaiunika popanda wopempha. Kuti asinthe chigamulo pamafunika umboni woonekeratu. Kamera ikatchingidwa ndi mwendo wa munthu wina, zimene ananena woyimbira wa pabwalo zimakhala momwemo, ngakhale inu kunyumba mukukhulupirira zina.

Mwina mukudabwa chifukwa chake amalimbikira kuponyera pamalo ovuta chotere. Ndi wotchi. Wosewera akagwetsedwa mkati nthawi imapitirira kuyenda, koma akatuluka ndi mpira imaima. Mu NFL, m'mphindi ziwiri zomaliza za hafu yoyamba ndi zisanu zomaliza za hafu yachiwiri, wotchi siyambanso mpaka mpira utaseweredwa. Timu imene ikutsalira ndipo ma timeout atha imaponyera dala chakunja kwa phewa la wowakha, kumene wotchinga sangafikeko: akawakha apeza mayadi ndipo wotchi yaima, akaphonya wotchi yaimabe, angotaya down imodzi, kutanthauza mwayi umodzi wosunthira mpira kutsogolo.