Funsani Tiyankhe: Kodi Sonja Henie ankapambana mwachilungamo?

Funso: Ndamva kuti mayi wina wa ku Norway, Sonja Henie, anapambana mpikisano wa dziko lonse wa figure skating (masewera otsetsereka ndi kuvina pa madzi oundana) zaka 10 zotsatizana. Kodi linalidi luso, kapena oweruza ankangomukondera? (Wowerenga wa ku Zomba)

Yankho: Zikomo kwambiri owerenga athu. Zimene mwamvazo n'zoona. Henie anabadwa mu 1912, ndipo anakhala katswiri wa dziko lonse kuyambira 1927 mpaka 1936. Anatenganso mendulo zagolide pa Olimpiki katatu: ku St. Moritz mu 1928, ku Lake Placid mu 1932 ndi ku Garmisch-Partenkirchen mu 1936. Koma poyamba sizinali choncho. Pa Olimpiki ya ku Chamonix mu 1924, ali ndi zaka 11 zokha, anakhala womaliza mwa anthu 8.

Za kukonderazo, pali chaka chimodzi chimene sitingachibise. Mpikisano wa 1927 unachitikira kwawo ku Oslo, ndipo mwa oweruza asanu, atatu anali a ku Norway. Atatu onsewo anaika Henie patsogolo, awiri enawo anasankha Herma Szabo wa ku Austria, amene anali atakhala katswiri zaka zisanu zotsatizana m'mbuyomo. Szabo anasiya mipikisano chaka chomwecho. Madandaulo atakula, bungwe la ISU, loyendetsa masewerawa pa dziko lonse, linakhazikitsa lamulo loti dziko lililonse lizipereka woweruza mmodzi basi. Ife tikuona kuti Szabo anali ndi chifukwa chodandaulira.

Komabe zaka zisanu ndi zinayi zotsatirazo Henie anapambana lamuloli lilipo kale, ndiye tiyang'ane mmene ankaperekera malikisi. Masiku amenewo magawo 60 pa 100 ankachokera pa kujambula mizere pa madzi oundana. Wosewera ankatsetsereka ndi mwendo umodzi n'kujambula zozungulira ziwiri zooneka ngati nambala 8, kenako n'kubwereza podutsa ndendende pa mzere womwewo. Akamaliza, oweruza ankapita pomwepo, ena mpaka kugwada, kukaunika mzerewo.

Chovuta chili pa chitsulo cha pansi pa nsapato. N'chopyapyala, pafupifupi mamilimita 4, ndipo pakati pake n'pokumbika, choncho chili ndi mbali ziwiri zakuthwa, yamkati ndi yakunja. Wosewera ayenera kupendekeka kuti mbali imodzi yokha ndiyo idule. Akaima chilili, mbali zonse zimakhudza pansi ndipo pamaoneka mizere iwiri m'malo mwa umodzi, malikisi n'kutsika. Phewa likathamangira kutembenuka, chozunguliracho chimapotoka. Liwiro likachepa, mwendo umanjenjemera ndipo mzere umaonetsa. Apa Henie sankaphonyaphonya, moti nthawi zambiri ankafika pa gawo lachiwiri, lovina ndi nyimbo, ali patsogolo kale. Kumeneko ankagwiritsa ntchito zimene anaphunzira ku gule wa ballet, atavala siketi yaifupi yosamupinga podumpha ndi pozungulira.

Pa Olimpiki ya 1936 zinamuvuta ndithu. Cecilia Colledge wa ku Britain, mtsikana wa zaka 15, anali pafupi naye kwambiri atamaliza mizere ija. Pa gawo lovina Colledge anaikidwa kumayambiriro, pamene oweruza amakonda kuumira malikisi, Henie n'kusewera pomaliza. Colledge anatenga mendulo yasiliva. Chaka chomwecho Henie anasiya mipikisano n'kupita kukachita mafilimu ku Hollywood.

Mukamaonera masewerawa lero simudzaonanso oweruza akuunika mizere, chifukwa ISU inachotsa gawo limeneli mu 1990.