Mazira a chigoba chofewa nyengo yotentha: yankho kwa mayi wa ku Nkhotakota

Mayi wina wa ku Nkhotakota watilembera kuti nkhuku zake za Mikolongwe zayamba kuikira mazira osweka msanga, ena ongokhala nembanemba yokha, chiyambireni kutentha kwa Okutobala. Amazipatsa madeya ndi zotsala za kunyumba.

Mayi, vuto lalikulu lili pa madeyawo. Chigoba cha dzira limodzi chimatenga pafupifupi magalamu 2 a kashiamu (mchere wolimbitsa mafupa ndi zigoba), ndipo nkhuku yoikira imafuna magalamu 4 pa tsiku. Madeya amakhutitsa, koma kashiamu alimo wochepa kwambiri. Akasowa m'chakudya, thadzi limamuchotsa m'mafupa ake, n'chifukwa chake ena amayamba kutsimphina kapena kukhala pansi osadzuka.

Kutentha kwa kunyanja kumawonjezera vutoli. Nkhuku ikamapuma mwawefuwefu kukamwa kuli yasa, imataya mpweya wambiri umene thupi limagwiritsa ntchito popanga chigoba, komanso imadya pang'ono. Ikani madzi ozizira pamthunzi tsiku lonse, khola lizipita mphepo, ndipo muzizidyetsa m'mamawa ndi madzulo, osati dzuwa lili paliwombo.

Ngati mungathe kugula layers mash (chakudya cha nkhuku zoikira), kashiamu ali kale momwemo. Nkhuku imodzi idye magalamu 110 mpaka 120 pa tsiku, osasungunula ndi madeya pofuna kuchulukitsa. Ngati mukusakaniza nokha, thirani kilogalamu 1 ya laimu wa ziweto pa makilogalamu 9 a chakudya, momwe muli madeya, soya wokazinga ndi fumbi la usipa. Laimu wopakira nyumba ayi ndithu, amawotcha kukhosi.

Inu a m'mbali mwa nyanja muli ndi mwayi wa zigoba za nkhono. Tolani zouma za pamchenga, ziwiritseni, ziumitseni, kenako zisinjeni muntondo zifike kukula ngati mpunga wosweka, osati ufa. Zigoba za mazira nazo muzikazinge ndi kuziphwanya kuti nkhuku zisaphunzire kujompha mazira awo. Ikani m'kambale kapadera madzulo. Chigoba chimatenga maola pafupifupi 20 kuti chiumbike, ndipo ntchito yambiri imachitika usiku nkhuku isakudya. Tizidutswa tokulirapo timakhalitsa m'nthutumba n'kumasungunuka pang'onopang'ono mpaka m'mawa. Zoweta m'khola la mdima zitulutseniko ziothe dzuwa la m'mawa, chifukwa popanda vitamini D kashiamuyo salowa bwino m'thupi.

Nkhuku zokalamba zimaikira mazira akuluakulu a chigoba chopyapyala, ndipo chakudya sichisintha zambiri pamenepo.

Koma mukaona mazira opotoka kapena amakwinya, kuikira kwatsika mwadzidzidzi, nkhuku zikutsokomola, zitosi zobiriwira kapena khosi lopindika, si za chakudya izo. Chikhoza kukhala chitopa. Patulani zodwala tsiku lomwelo, itanani alangizi a ziweto a dera lanu, ndipo katemera wa I-2 wodontheza m'diso muzipereka miyezi 4 iliyonse.