Insipekita akaimitsa mayeso a 6G pakati, wolakwa ndani?

Achimwene ena owotcherera mapaipi ku South Africa atumiza imelo iyi yokhudza 6G, mayeso owotcherera paipi yopendekeka pa madigiri 45 osaitembenuza: "Ndinakayesedwa 6G pa paipi ya mainchesi 6. Nditangomaliza root (mzere woyamba wa weld, wa m'kati mwenimweni), insipekita anaunika m'kati ndi tochi, nati ndisiye pomwepo, sinalowe bwino. Koma mpata wa pakati pa mapaipi awiri olumikizidwawo anakonza ndi wothandizira wa mu workshop, si ine. Mnzanga nayenso anamukaniza kupala cap (mzere womaliza, wa pamwamba) ndi girainda. Kodi anthuwa sakungotipondereza poti ndife obwera?"

Achimwene, tsankho pantchito zina liliko, sindikutsutsa. Koma zimene mwafotokozazi insipekita ali nazo mphamvu. ASME Section IX, code (buku la malamulo a zowotcherera) ya ku America, imalola woyang'anira mayeso kuwaimitsa nthawi iliyonse akaona kuti woyesedwa satulutsa weld yovomerezeka, ndipo ISO 9606-1, code ya padziko lonse, imatero chimodzimodzi. Sayenera kudikira kuti mufike pa cap.

Nkhani ya mpata ndiye yakupwetekani. Mukangoyatsa arc (moto wa pa rodi), ndiye kuti mwavomereza mmene paipi yalumikizidwira, kaya anakonza ndani. Nambala imene imalembedwa pa paipiyo ndi yanu. Choncho musanagwire holder (chogwirira rodi), werengani WPS (pepala la malangizo a kawotchereredwe) muone ngodya ya bevel (kupendekeka kwa mlomo wa paipi), kukula kwa root face (kansonga kosalala ka mlomowo) ndi mpata wololedwa. Pa mapaipi ambiri achitsulo wamba bevel imakhala madigiri 37.5 mbali iliyonse, ndipo mpata umakhala pakati pa mamilimita 2.4 ndi 3.2, koma chimene chimalamulira ndi pepala limene akupatsani tsiku limenelo. Yesani mpatawo ndi waya wa rodi yochotsa flux (chokutira chake), ndipo muyesenso mukamaliza ma tack (timadontho ta weld togwirizira paipi) onse anayi, chifukwa tack ikamazizira imakoka chitsulo n'kutseka mpata. Kumbukiraninso kuti mukawotcherera theka loyamba, theka linalo limafinyika. Apa m'pamene root imakanika kubowola, makamaka chapansi, pamalo a 6 koloko tikayerekeza paipi ndi wotchi, pomwe dzanja latopa ndipo simukuona bwino. Mukapeza mpata wachepa kapena mbali imodzi ya paipi yakwera kuposa inzake, uzani insipekita kuti mukufuna kuthyola ma tack mukonzenso. Pempho limeneli limamveka musanayambe. Mutayamba kale, ndi madandaulo chabe.

Ndi rodi n'chimodzimodzi. Rodi ya mtundu wa E7018 imasungidwa mu uvuni wa madigiri 120 Celsius kapena kuposa, ndipo code ina, AWS D1.1, imalola kuti ikhale panja maola 4 okha. Mukalandira yozizira, yomwe yagona pabenchi, ikanizeni. Ikayamwa chinyezi imatulutsa timabowo, ndipo X-ray sidziwa kuti anakupatsani rodiyo ndi ndani. Ma amp muziyesera pa chidutswa chapambali. Kukhudzitsa rodi kunja kwa mzere wa weld kumasiya chipsera chimene insipekita wosamala sachilekerera.

Za mnzanu ndi girainda: ISO 9606-1 imalola kupala tizolakwika ting'onoting'ono pakati pa mizere, mutapempha chilolezo. Pa cap amalola kupala pamalo oimira ndi kuyambiranso pokha. Chifukwa chake n'chosavuta. Cap ndiyo imaonetsa dzanja la munthu: undercut (kudyeka kwa chitsulo) m'mbali, kutupa kopitirira, mizere yokhota. Ikapalidwa, insipekita alibenso choyesa.

Insipekita ndi mboni. Amaona chiphaso chanu, amalemba chizindikiro cha 12 koloko pamwamba pa paipi, amaonetsetsa kuti yaima pa madigiri 45 ndipo simukuitembenuza kapena kuitsitsa pa stand. Akati mumuitane mukamaliza root, muitaneni ndithu. Mukadutsa osamuitana, angakane paipi yonse ngakhale ili yokongola. Sali pamenepo kuti akuphunzitseni, ndipo zomupatsa ya Fanta zisakuyandikireni n'komwe, chifukwa satifiketi yogula imakapezeka pa X-ray yoyamba kuntchito.

Izi sizikutanthauza kuti muzingoti inde bwana. Akakulepheretsani, funsani modekha kuti akuonetseni malo ake ndi tochi ndi kagalasi, auyese ndi geji inu mukuona, ndipo akuuzeni ndime ya code imene yaphwanyidwa. Pa mayeso opinda zidutswa za weld kuti aone ngati zing'aluke, paipi ya 6G imadulidwa zidutswa 4, ndipo malinga ndi ASME, ming'alu yotseguka yopitirira mamilimita 3 pamsana pa chopindidwacho ndiyo imagwetsa munthu. Pemphani kuona zidutswazo ndi lipoti lolembedwa. Ngati sangathe kuloza chilema kapena ndime, pamenepo muli ndi chifukwa chokadandaula kwa mkulu wa quality, mwa kalata.

Pobwereza, dziwani kuti ASME imafuna mapaipi awiri otsatizana ngati mukubwereza nthawi yomweyo, ndipo onse apambane. Mukayamba mwaphunzira kaye n'kubwerera, imodzi imakwana. Pa vuto ngati lanuli, ndi bwino kutenga masiku angapo mukuyeserera root kuchokera pa 6 koloko kukwera, ndi mpata womwe mwayesa nokha.