Droni ikuuluka yokha, nanga ine ndizitani?

Funso: Ndimakhala ku Mufakose ndipo ndimagwira ntchito pa famu ina ya chimanga ku Ruwa, pafupi ndi Harare. Abwana agula droni yopopera mankhwala ya thanki ya malita 40, ndipo andiika kuti ndizithandiza woyendetsa. Poti imauluka yokha, kodi ine ndizingoonerera?

Yankho: Ayi bambo, ntchito yanu ndi yaikulu. Droni imatsata mapu amene anthu aipatsa, siidziwa munda ngati inu. Isananyamuke, zungulirani munda wonse wapansi, muike pa mapu mitengo, mapolo ndi waya aliyense. Waya wamagetsi ndi woonda, ndipo zida zoonera za droni nthawi zina zimamuphonya. Onetsetsaninso kuti msinkhu umene imakwera pobwerera yokha ukuposa mabulugamu a m'mphepete mwa munda.

Madzi osungunulira mankhwala muziwasefa. A m'damu amabwera ndi matope amene amatseka manozo (timabowo totulukira mankhwala) pang'onopang'ono, droni n'kumangoyenda mizere yake bwinobwino pamene mankhwala akutuluka mbali imodzi. Mudzazindikira patatha sabata, mbozi zitaboola masamba mzere wathunthu. Mphepo ikayamba kuweramitsa chimanga, imitsani ntchito, apo ayi mupopera munda wa eniake.

Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mpweya ndi wopepuka, choncho droni yodzaza imamaliza batire msanga, makamaka masana kukatentha. Poperani m'mawa. Batire mukaichotsa pa droni, iyambe yazizira pamthunzi musanaitchaje, ndipo yotupa isabwererenso pa droni.

Chovuta chenicheni n'kuzolowera. Makina akayenda bwino masiku angapo, maso amathawira pa foni. Mu 2018 ku Tempe, m'dziko la America, galimoto yodziyendetsa ya kampani ya Uber inagunda ndi kupha mayi wina amene ankadutsa msewu, woyang'anira ali momwemo koma maso ali kwina. Ndiye gawanani: woyendetsa aziona sikirini, inu muziona droniyo ndi munda. Gwirizanani liwu limodzi, monga "Imani!", loti mukangolikuwa iye aimitse osafunsa chifukwa. Mwana kapena ng'ombe ikalowa m'munda, kuwani pomwepo.

Za rimoti, musaigwire mwachisawawa ngakhale abwana akukakamizeni. Malamulo a 2018 a madroni muno mu Zimbabwe amafuna kuti woulutsa droni pa ntchito ngati imeneyi akhale ndi laisensi ya bungwe loona za ndege la Civil Aviation Authority of Zimbabwe.